Masamba a Fodya pa Dazi la Abambo

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi onse kumeneko kwa Malomo. Kodi bondo lija likukuvutanibe? Nanga chimanga chamasula?

Kuno ku esiteti tilipo. Abambo akupezako bwino, dzulo anayenda okha mpaka kuchigafa cha fodya n'kubwerera osagwira munthu. Mdzukulu wanu Tithokoze thupi linasiya kutentha, akuyamwa ngati kale.

Iwe Feggie, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera amayi kalatayi. Usadumphe pena paliponse, ngakhale pamene pakundichititsa manyazi. Ndalemba chifukwa pa foni amayi akangokweza mawu ine zonena zimandithawa.

Amayi, nkhani yanga ndi ya mkazi wanga Lefina. Zimene munanena pa foni zija anazimva zonse, anali pambali panga. Munati mtengwa wa ku Nkhamenya wawathirira abambo mankhwala mu thobwa. Sanathire kanthu. Amene anadwalitsa abambo ndine, ndipo ndikuuzani mmene zinayendera.

Tsiku loti abambo abwerere kwanuko, Tithokoze anadzuka thupi lili moto. Lefina anati athamange naye kuchipatala, mwina ndi malungo. Ambulera yathu inathyoka kale, ndipo njira yakuchipatala ilibe mtengo ndi umodzi womwe, ndi minda ya fodya yokhayokha. Mwanayo liwombo lake likadali lofewa.

Ndinaona chipewa chachikulu cha abambo chija chili pa njinga, eni ake ali kubafa. Ndinachitenga osapempha n'kumufunditsa mwana kumsana kwa mayi ake. Ndimati pofika nthawi yoti abambo anyamuke chikhala chitabwera.

Lefina anakapeza mzere wautali. Dzuwa linakwera, iye osatulukira. Abambo anati sangadikirenso, mvula ya masana ikagwa mtsinje udzaza, ndiponso anakulonjezani kuti agona kwawo.

Nditawauza za chipewa sanakalipe. Anangosisita mutu n'kunena kuti mdzukuluyu wafulumira, wayamba kugawa katundu wa agogo ake iwo akadali moyo.

Koma ine mtima sunakhale m'malo. Inu mukulidziwa dazi la abambo, layambira pamphumi mpaka kunkhongo, palibe ndi katsitsi komwe koti ntchentche ibisalepo. Dzuwa la mwezi uno likatuluka pakati pa mvula limaluma, ndipo ulendo wa kwa Malomo pa njinga si wapafupi.

Ndinawapatsa kapusi yanga, inangokhala pamwamba osalowa. Ndinawapatsa duku la Lefina. Anakana, anati sangadutse pa Mtunthama atamanga duku ngati akupita ku mvano, anyamata a kabaza angawafunsire.

M'mawa umenewo tinali titathyola fodya, mulu uli pachigafa kudikira kusokedwa. Masamba a fodya wa bale mukuwadziwa kukula kwake. Ndinasankha aakulu bwino, ndinawaviika m'madzi kuti azizire, n'kuwayala pamutu pa abambo. Ndinamanga ndi mphira wa chubu kudutsa pansi pa chibwano kuti mphepo isawaulutse.

Abambo anaseka. Anati akuzizirira bwino, ndipo tsopano aoneka ngati belo lodziyendera lokha kupita ku okushoni. Ananyamuka akusekabe. Ine ndinabwerera kukasoka fodya ndikudziona ngati munthu wanzeru.

Amayi, fodya ndimamugwira tsiku ndi tsiku. Ndimadziwa kuti tikathyola kuli mame ena amasanza, inenso chaka changa choyamba kuno ndinkasanza. Koma ife timati ndi fungo. Sindinkadziwa kuti amalowa ndi pakhungu pomwe. Mwina ndikanakhala pansi n'kuganiza ndikanazindikira, koma ndinali ndi changu.

Abambo akuti atadutsa Mtunthama, dzuwa lili pamutu, msewu unayamba kuoneka ngati ukupendekeka. Anatsika, anasanza, anamasula masamba aja n'kuwataya patchire. Anakweranso mutu uli pamtunda. Sanapite patali, anagwera mu ngalande pamodzi ndi njinga.

Anawatola ndi munthu wa kabaza, dzina lake Redson. Mulungu amudalitse. Anawanyamula mpaka kuchipatala, anatenga foni m'thumba mwawo n'kundiimbira, kenako anaimbira inu.

Nditafika ndinawapeza ali pa diripi, milomo itayera. Adokotala anafunsa chimene anadya, abambo anati thobwa ndi maungu basi. Za masamba sanatchule. Ine ndinawatsatira adokotala panja n'kuwauza zonse.

 Anati fodya wamuwisi akanyowa ndi thukuta, ululu wake umalowa m'thupi kudzera pakhungu, ndiye munthu wamkulu wosamuzolowera, akupalasa padzuwa, amagwa ndithu. Anati powaviika m'madzi paja ndinachita kuwonjezera. Pamene masamba anatayidwa dzuwa linamaliza ntchito, moti dazi lapsa, pano likusendeka ngati mbatata yootcha.

Abambo atatsitsimuka bwino anandiitana pafupi. Anati ndisauze munthu, chifukwa inu mukamva kuti anayenda pamsewu atasenza ndiwo simudzasiya kuwaseka mpaka m'manda. Ndinavomera msanga. Sindinavomere chifukwa cha ulemu wawo ayi, ndinaona kuti zikundipulumutsa ine.

Ndiye munaimba foni ija. Munafunsa chimene anadya, ndinati thobwa ndi maungu. Munafunsa kuti anakonza ndani, ndinati Lefina. Zonsezo zinali zoona. Kenako munanena mawu aja, ine ndinangokhala chete ngati netiweki yathawa. Pamenepo ndi pamene ndinalakwa kuposa pa masamba.

Lefina sanalire, sanatukwane. Anangotsuka mbale zake n'kukagoneka mwana. Tsiku lomwelo ndinamuuza za masamba. Anati zili bwino, ine ndikudziwa, iye akudziwa, abambo akudziwa, koma kwa Malomo akudziwa chiyani? 

Kuyambira tsiku limenelo sakugwira mphika wa abambo. Akuti popeza manja ake ndi oopsa, sangawaphikire apongozi ake mpaka inu mutanena nokha kuti aphike. Ngakhale madzi akumwa ndimawatungira ndine. Chakudya ndikuphika ndine, ndipo abambo akuti ngati panali wowathirira mankhwala ndiye wayamba tsopano.

Abambo anayesa kumupepesa. Mukudziwa kuti iwo ndi mpongozi wawo sayang'anana kumaso, ndiye anakhala pakhonde n'kumalankhula ndi ine mokweza kuti iye amve ali m'nyumba. Anati ndiwauze amake Tithokoze kuti aiwale, mawu a foni amapita ndi mphepo. Iye anayankhira kwa ine kuti ndiwauze agogo ake a Tithokoze kuti mawu amene afika kale pachitsime kwa Malomo sapita ndi mphepo, mwanayu adzawapeza akadzakula.

Zovala za mwana wazimanga kale mu nsalu, zili pakona. Akuti sabata ino ikatha popanda mawu ochokera kwa inu, apita kwawo ku Nkhamenya, mchimwene wake adzamutenga. Sakundiopseza, ndikumudziwa. Sanena chinthu kawiri.

Amayi, mwana wanga wangoyamba kumene kundizindikira. Ndikachokera kumunda amatambasula manja, ngakhale ndili ndi phula la fodya thupi lonse. Akapita ku Nkhamenya pa nkhani ngati iyi, akwawo sadzamubweza mosavuta, ndipo ine sindingawadzudzule.

Lero ndawauza abambo kuti ndikulemba kalatayi. Anati lemba, koma za duku usatchule. Ndinali nditalemba kale ndipo pepala lina ndilibe.

Za ulendo wawo musade nkhawa. Sindiwalola kukwera njinga mpaka dazi litapola. Chipewa chawo chilipo, ndasokererapo kansalu koyera kumbuyo kuti kazitchinga khosi, ndaikanso chingwe cha pachibwano. Adokotala anati azinyamuka m'mamawa, dzuwa likafika pamutu azipuma pamthunzi, ndipo asamayende opanda botolo la madzi. Anatchulanso mafuta oteteza khungu kudzuwa, akuti amapezeka ku boma, ndikawafunafuna. Akapitawo a pa esiteti pano avomera kuti ndidzawaperekeze, ndidzakhala kumbuyo kwawo njira yonse.

Tsopano pempho langa ndi ili. Feggie aimbe foni yanga madzulo tikaweruka, ndidzamupatsa Lefina, mulankhule naye inuyo. Sindikuti mugwade, ndinu amayi. Mungomuuza kuti mwamva zoona zake ndipo awaphikire abambo. Iye akudikira zimenezo basi.

Chachiwiri n'chovutirapo. Onse amene munawauza, pachitsime, kutchalitchi, kwa azakhali, mubwerere mukawauze kuti anali Dominic ndi masamba ake a fodya. Andiseke, anditche dzina limene angafune. Ngati pali kukalipa, mundikalipire ine ndikadzafika, ndidzakhala pansi n'kumvetsera mpaka mutamaliza.

Mulungu akusungeni ndi kukuchiritsani bondolo. Mundiperekere moni kwa azakhali ndi kwa amalume, ndi kwa iwe Feggie, zikomo powerenga zonse. Abambo akuti moni, ndipo mbuzi zisalowe m'munda.

Lefina ndamufunsa ngati ndilembe moni wake. Sanayankhe, ndiye sindinama kuti wapereka.

Ndine mwana wanu,
Dominic