Ndikagogoda Akwiya, Ndikabetcha Akwiyanso

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, telala, ndimasokera pakhonde. Ndikulemba ndili wotopa, thupi ndi mtima womwe. Nkhani yake ndi ya makhadi, chonde musaseke.

Bambo anga anali dalaivala wa malori akuluakulu. Podikira katundu m'madepoti ndi m'mene anaphunzirira masewera a makhadi otchedwa poka, n'kudzatiphunzitsa ife tili ana. Chaka chatha anadwala sitiroko, mkono ndi mwendo wamanzere zinafa. Alongo anga awiri anati akazi awo sangakwanitse, ndiye mwadziwa kale kumene bambo anatsikira. Ndimawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadulira chakudya tizidutswa, uku makasitomala ali pakhomo kufunsa mayunifomu a ana awo.

Miyezi yoyamba ankangoyang'ana kudenga. Adokotala a mafizo ankati azikhala pampando, iwo toto. Tsiku lina ndikufunafuna lumo m'kabati ndinatulutsa makhadi akalekale. Bambo atawaona anati, ndi pakamwa pawo popotokapo, "Gawa." Kuyambira pamenepo masana alionse ndikafunditsa makina ndinkawakhazika pampando, tebulo lodulira nsalu lili pakati pathu, n'kumabetcherana mabatani a m'chitini changa. Ndalama ayi, tingazitenge kuti. Makhadiwo ndi amene ankawadzutsa pabedi, osati ine kapena adokotala.

Vuto lake nali. Ndi dzanja limodzi makhadi amawagwira mopendekeka, ndiye ndimawaona ngakhale ndisakufuna. Komanso akapeza abwino amayamba kaimbidwe kam'mphuno, eniake osadziwa. Ndiye khadi lomaliza likagwa, itakwana nthawi yobetcha kotsiriza, mtima unkandiwawa kuwalanda. Ndinkangogogoda patebulo, kutanthauza kuti sindiwonjezera kanthu, tingoonetsana makhadi. Ndinkagogoda ngakhale ndili ndi makhadi oti ndikanawasesa nawo mabatani onse.

Tsiku lina ndinagogoda ndili ndi mafumu atatu. Anayang'ana mafumuwo, kenaka n'kuyang'ana ine. "Mafumu atatu, n'kugogoda? Ndinakuphunzitsa ndine zimenezi?" Ndinati ndimaopa kuti mwina ali ndi zoposa. "Bodza," anatero. "Ukusewera nane ngati wabwera kudzapepesa maliro."

Mawa lake ndinati chabwino, ndizibetcha. Ndinkakankha mabatani kumapeto kulikonse, kaya ndili ndi kanthu kaya ndilibe. Bambo sadziwa kuthawa n'kutaya makhadi, amayankha basi poikapo mabatani awo kuti aone chimene uli nacho. Ataona kuti ndakankha mulu wonse ndili ndi masikisi awiri okha, anasesa mabataniwo ndi chigongono, onse mbwee pansi. "Dzulo umandimvera chisoni, lero ukundipatsa mphatso. Ndibwezere kuchipinda." Ndinatola mabatani aja ndikulira, ena mpaka pano ali kunsi kwa makina.

Kuchokera tsiku limenelo sanakhalenso pampando. Akungogona choyang'ana kukhoma, chakudya akungochilawa. Ndikawabweretsera makhadi amati ndikapatse ana. Alongo anga pafoni akuti ndi ukalamba, ndiwasiye. Ee, n'kosavuta kulankhula ngati suli wochapa zofunda.

Aphungu, kunena zoona nkhani yobetcha kotsirizayi sindinaimvetsepo, ndili mwana ndinkangotsanzira. Kodi munthu amagogoda liti, amabetcha liti, kuti bambo aone kuti ndikusewera zenizeni? Kapena ndingowasiya apume? Ndikuopa kuti akazolowera khomalo sadzadzukanso, ndipo ine mphamvu zonyengerera zandithera.

Ine telala wotopa,
E. N.

Mayi telala,

Sindikuseka ayi. Katundu mwasenzayu ndi wa anthu atatu, ndipo mwamusenza nokha. Koma pa makhadi bambo akunena zoona, ndipo sindizungulira: maulendo onse awiri simumasewera poka, mumadwazika matenda patebulo. Wowadwazika ali naye kale. Chimene akusowa ndi munthu wolimbana naye.

Yambani ndi maso anuwo. Tengani burashi yopolishira nsapato, muitsuke, muigoneke chagada patebulo, bambo azizika makhadi m'tsitsi lakelo. Makhadi adzaima okha, dzanja lidzapuma, inu simudzawaonanso. Koma za kuimba kwa m'mphuno musawauze. Kumeneko si kuba, wosewera aliyense amadyera pa chizolowezi cha mnzake, ndipo iwonso m'madepotimo anadyerapo anzawo.

Tsopano funso lanu. Khadi lomaliza likagwa palibenso choyembekezera, zimene muli nazo ndi zomwezo. Kubetcha pamenepo kuli ndi zifukwa ziwiri zokha: kuti mnzanu ayankhe ali ndi makhadi ochepera anu, kapena kuti achite mantha ataye oposa anu. Chachiwirichi chiiwaleni, mwanena nokha kuti bambo sathawa. Munthu wosathawa saopsezedwa, kumuopseza n'kutaya mabatani chabe. Ndiye chatsala chimodzi. Musanakhudze batani dzifunseni kuti, akandiyankha, kawirikawiri adzakhala ali pansi panga kapena pamwamba panga?

Ndi mafumu atatu aja yankho linali poyera. Pamenepo betchani, mochuluka ndithu, nkhope ili gwa. Ndi masikisi awiri gogodani, chifukwa munthu amene wayenda nanu mpaka kumapeto nthawi zambiri ali ndi zoposa masikisi. Makhadi apakatikati otere ndiwo eniake a kugogoda: angathe kupambana mukaonetsana, koma alibe mphamvu zoitanira ndewu. Mukakhala mulibiretu kanthu, gogodaninso, akabetcha tayani makhadi popanda manyazi. Ndipo mphuno ija ikayamba nyimbo inu muli ndi zapakatikati, musalimbe mutu.

Pali kugogoda kwinanso, kwa msampha. Mukakhala oyamba kusankha kugogoda kapena kubetcha, muli ndi makhadi oopsa kwambiri, uku bambo akuimba, gogodani. Asiyeni akankhe okha mabatani, kenaka muwonjezere pamwamba. Dalaivala wakaleyo akadzagwa m'dzenje limeneli adzadziwa kuti sichinali chisoni.

Powaitananso musapite ndi mawu opepesa, awamva okwanira. Ikani makhadi ndi burashi pampando pafupi ndi bedi, muwauze kuti mwatopa kuwalekerera ndipo mabatani awo mukuwafuna onse. Mukatero tulukani mukapitirize kusoka. Mwina adzakana tsiku loyamba ndi lachiwiri lomwe. Musanyengerere, ingobwerezani mawu omwewo.

Alongo anuwo asamangotuma nzeru pafoni. Nawonso anaphunzitsidwa poka ndi bambo omwewa. Aliyense asankhe tsiku lake pa sabata, abwere adzawasambitse, adzasewere nawo, inu mugoneko masana. Muwauze monga chinthu chogamulidwa kale, osati pempho.

Chenjezo langa ndi ili. Munthu wodwala sitiroko akayamba kukana chakudya n'kumangoyang'ana kukhoma, nthawi zina si mkwiyo wokha, ndi matenda a kukhumudwa, ndipo ali ndi chithandizo. Akapitiriza kusadya musadikire makhadi, kawauzeni adokotala. Komanso mabatani akhale mabatani, alongo anu asabwere ndi ndalama patebulopo.

Tsiku limene mudzawalande mulu wonse adzakunenani kuti ndinu mwana wopanda ulemu, mwinanso wakuba. Musadzabweze ngakhale batani limodzi. Munthu amene wadyedwa mwachilungamo amagona akukonza zobwezera, ndipo wofuna kubwezera mawa amadzuka.

Phungu wanu