Mabotolo omwe madamu anandipatsa akundidwalitsa?

Aphungu,

Chonde mundiyankhe msanga, ndili ndi mantha. Ndine mayi wa mwana mmodzi, Upile, wongoyamba kumene kulankhula. Ndimakhala ku Ivory Park kuno ku Joni, ntchito ndimagwira ya m'nyumba ku Midrand. Matenda a shuga anandipeza nawo ndili woyembekezera ndipo sanathe. Ndimamwa mapiritsi a kukiliniki, a shuga ndi a BP.

Madamu anga ndi abwino, sindingawanamizire. Akamakonza m'makabati amandipatsa zotsala, zovala, mbale, chilichonse. Ulendo uno anandipatsa mabotolo a mavitamini, ena a maginiziyamu, ndi mchere wina woti ndi wa odwala BP. Anati, "Izi zimatsuka magazi, ine zinandithandiza." Ine ndinati zinthu zodula chonchi sizingapweteke munthu. Ndakhala ndikumwa zonsezo, mcherewo ndikuthira m'ndiwo mosaumira.

Pano miyendo yafooka, ndikakwera masitepe ndi ndowa ndikupumira panjira. Mtima nthawi zina ukuchita ngati waiwala kugunda. Kukiliniki ananditenga magazi, sisitala, namwino wa kumeneko, akuti mchere wina wa m'magazi, potaziyamu, wakwera ndipo impso zayamba kutopa. Anandifunsa kuti, "Sisi, pali china ukumwa?" Ndinati ayi. Ndinaopa kuti akaona mabotolo odulawo aziti ndinaba kuntchito. Paja ife a ku Malawi kuno sachedwa kutiganizira.

Aphungu, bambo a mwanayu anatisiya, abale anga onse ali kumudzi. Ndikagwa ine, Upile atsala ndi ndani? Ndisiye ziti, ndimwe ziti?

E.T., Ivory Park, Joni

Mayi E.T.,

Mwachita bwino kulemba. Mabotolowo ndi mchere uja musiye lero, koma mapiritsi a kukiliniki musasiye pokhapokha adokotala atanena.

Mchere woterewu nthawi zambiri umakhala wa potaziyamu yemweyo. Impso zabwino zimataya wochulukayo mumkodzo, koma impso zotopa ndi shuga zimalephera, ndipo mapiritsi ena a BP amamusunganso m'thupi. Akachuluka, minofu imafooka ndipo mtima umasokonekera. Maginiziyamu nayenso amaunjikana chimodzimodzi. Mavitamini amathandiza amene wayezedwa n'kupezeka kuti akumuchepera, koma sachiza shuga, ndipo satsuka magazi. Madamu anu anafuna kukuthandizani, kungoti impso zawo si zanu.

Bwererani kukiliniki osadikira tsiku lomwe anakulemberani. Mabotolo onse muike m'jumbo, mukawayale patebulo n'kunena kuti, "Ndinakana chifukwa cha mantha, ndimamwa izi." Sisitala safufuza za kuba, akufuna kudziwa chimene chakweza mcherewo, ndipo inu ndinu mukudziwa. Ngati mukuopabe, apempheni madamu akulembereni kauthenga pafoni koti anakupatsani ndi iwo. Ngati Chizulu chikukuthamangirani, tengani mnzanu wokachimva. Mukapemphe akuyezeninso magazi, mufunsenso za nthochi, mapeyala ndi mbatatesi, chifukwa nazo zili ndi potaziyamu wambiri.

Chenjezo langa ndi ili: mtima ukadumphanso, kapena mukamva chizungulire ndi kubanika, musakaime pamzere wa kukiliniki ndipo musayambe mwapita kuntchito. Pitani kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo. Masitepe a madamu akhoza kukolopedwa mawa, koma mtima sudikira kuti muweruke.

Aphungu