Masamba a tiyi ali mu mgolo

Bambo a Ciara,

Musavutike kufufuza m'kabati, masamba a tiyi ndamaliza onse. Ndawathira mu mgolo wa madzi wamba kuti madziwo ade ngati madzi anu a manyowa aja. Mwezi watha munkadziwa mgolo wa manyowa, ndiye ndime za msipu zoyeserapo manyowawo mumapopera kawiri, n'kumadzitama kuti msipu wakula. Ndinakuonani pawindo!

Mukatha kukama ng'ombe poperani: mgolo wofiira pa ndime za zikhomo zofiira, wabuluu pa zabuluu. Kamodzi basi, ndipo osanunkhiza. Wa manyowa ndikuudziwa ndekha mpaka tidzayeze udzu.

Ndapita ku tawuni ya Ennis kukagula tiyi wina. Pepani za kadzutsa, koma za mgolo sindipepesa. Ngati manyowawo alidi ndi mphamvu, udzu udzanena wokha, sufuna loya.

Dervla