Mitengo ya Velonika

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Kaphuka tilipo, chisanu chokha ndicho chatipweteka chaka chino. Kachewere wachita bwino, chimanga pang'ono. Mkazi wanga wabereka mwana wamkazi, takamubatiza ku Kasina ndipo tamupatsa dzina lanu. Akamalira amakhala ngati akuitana munthu ali kudimba, ndiye dzinalo silinaphonye.

Nkhani yeniyeni ndaizungulira mokwanira. Ndagulitsa mitengo ya Velonika.

Ndikunena mizere ya paini ija munadzala kuseri kwa khola mlongo wangayo atabadwa. Munkati, "Mwana wamkazi akabadwa, dzala denga lake. Mkamwini amabwera ndi manja okha." Ine ndinkangoseka, poti ndinali nditayamba sekondale ndipo ndinkadziwa zonse.

Chisamukireni likulu ku Lilongwe, anthu akukhamukira kumeneko. Boma silingamangire aliyense, choncho likugawa mapuloti kuti munthu amange yekha, ndipo wopeza puloti akuwonjezera zipinda za lendi kuseri. Ndinakwera basi, khadi la chipani m'thumba, kukadzionera ku Kawale. Zipinda zikachuluka, mwini nyumba ndiye amanyengerera wofuna malo. Mnzanga wina amene ankagona pakhonde la sitolo tsopano ali ndi chitseko chake ndi loko. Zimenezi ndikuziyamikira mpaka lero. Chimene sindinafunse n'chakuti madenga onsewo akuchokera kuti. Akuchokera kuno. Malole amabwera opanda kanthu, n'kubwerera atasenza matabwa ndi mapaso.

Tsiku lina lole inaima pafupi ndi mizere ija, ine n'kuganiza mwachangu monga mwini mbumba wophunzira: ndigulitse mitengo, ndimugulire Velonika malata, akhale woyamba m'mudzi kuiwala zomweta udzu. Sindinamufunse. Anali kuchipatala ndi mwana wake, ndipo ndinkafuna adzadabwe. Anadabwadi.

Malata ndinagula. Koma malata sakhala m'mwamba okha, Amayi. Amafuna mapaso, ndipo mapaso ake ali ku Lilongwe, akufunditsa anthu amene sitidzawadziwa. Mitengo yotsala m'mudzi eni ake akuisungira malole, munthu wa pano saifikira. Paini saphukanso ngati bulugamu, zitsa zikungowola.

Mwamuna wa Velonika sanabwerebe kuchokera ku Joni. Zipupa za nyumba yawo yatsopano zaima popanda denga, yakale ija yapendekeka cha kumene munkagona inu, ndipo kwatsala miyezi iwiri kuti mvula igwe. Malatawo Velonika wawatsamiritsa pankhokwe, nkhuku zikubisalako dzuwa. Sanandikalipire. Wangosiya kunditcha achimwene. Akumati "a kalaliki", ngakhale pamaso pa ana.

Munkakonda kunena kuti wochenjera amagulitsa mpando n'kumadya chiimirire. Masiku amenewo ndinkayesa mukunena amalume.

Dzulo ndinayeza mapaso a nyumba yanga, ndipo akwana. Vuto, monga mukudziwa, nyumbayo ili pamudzi pa apongozi, ndipo mkamwini sasasula denga asanagwade. Loweruka ndikagwada. Akalola, ife ndi khandali tikhala m'khitchini ya udzu mpaka ndidzapeze mitengo ina. Mkazi wanga ndimufunsa lero, ndisanakhudze msomali ndi umodzi womwe. Phunziro limenelo lokha ndalimva.

Ndikulonjeza kuti mvula yoyamba idzampeza Velonika ali pansi pa denga, kaya adzanditchenso achimwene kaya ayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Andireya