Kamera ikudikira foni ina

Achimwene,

Mwachoka mukukalipa kuti, "Wagwiranso kamera yanga iwe!" ine n'kumati, "Sindinaigwire." Chabwino, ndinaigwira. Pepani.

Chitulukireni inu ndakhala ndikulimbana nayo mpaka mutu kuwawa. Ndazimitsa Bluetooth pa kompyuta n'kuyatsanso kasanu konse. Ndasintha batire, ndaziyandikitsa patebulo mpaka kugundana. Kompyuta ikungozungulira, ikupeza sipika ya aneba ndi foni ya atelala a patsidya pa msewu, koma kamera yanu ayi.

Vuto ndalipeza. Kamerayi imagwirizana ndi chipangizo chimodzi basi, ndipo dzulo ndinailumikiza ku foni ya mtsikana uja wa pashopu ya fotokope kuti ndimutumizire zithunzi zomwe ndinamujambula. Mpaka pano ikudikira iyeyo. Ine sindikuiimba mlandu.

Kuti zithunzi za ukwati zija zifike kwa eni ake masana ano monga munalonjezera, tsegulani pa Bluetooth mu kameramo, mufufute dzina la foni yake, kenako mulumikize kompyuta mwatsopano. Nambala ikaoneka mbali zonse ziwiri, vomerani. Zikakanikabe, chingwe chili m'dirowa ya pansi. Ineyo ndafika pa dzinalo katatu, koma chala chakana kudina.

Ndatopa n'kunyengerera makina, ndiye ndapita kushopuko. Dzinalo fufutani ndithu, koma zithunzi zake zisanu ndi chimodzizo mundisiyire, chonde. Mtsikanayo ndimamukonda, achimwene, ndipo lero ndikamuuza pamaso.

Ndine mng'ono wanu wovuta uja