Tirigu wa Amayi Pageti la Paki

Okondedwa achimwene a Octavian,

Ndikhulupirira muli bwino ku Italy kumeneko, inu ndi alamu. Ife tilipo.

Loweruka amayi anakwanitsa masiku makumi anayi ali m'manda. Ndinawaphikira tirigu wa chikumbutso, wothira mtedza ndi shuga monga ankachitira iwo, koma ansembe anandibweza pakhomo la tchalitchi. "Mayi Ilinca, boma laletsa kusonkhana chifukwa cha mliriwu. Kadyereni kunyumba." Tirigu wa maliro amadya munthu yekha?

Pobwerera ndinadzera ku paki ya masewera ija ya kunyanja. Achimwene, chigudumu chachikulu chokwera anthu chija chikuzungulirabe, anthu ali thithithi, nyimbo zili pokopoko. Akhonsolo akuti akatseka, alendo athawira ku Bulgaria. Kaya matendawa amaopa nyimbo, amangokonda tchalitchi.

Ndiye ndinaima pageti n'kuyamba kugawa tirigu uja. Mlonda anati, "Mayi, malonda pano ayi." Ine ndinati, "Sindikugulitsa, bambo. Landirani, munene kuti Mulungu awakhululukire malemu amayi anga." Analandira. Amayi, amene sankajomba kutchalitchi, apemphereredwa ndi anthu osawadziwa, amene amanyambita ayisikilimu.

Amuna anga, alamu anu a Costel, akugwirabe ntchito kupaki konko, kukweza ana pa akavalo amatabwa. Abwana awo anati wojomba asabwerenso. Masiku ano amagona kukhitchini, akuti kuchipinda kukutentha. Chifuwa chawo ndimachimva kuseri kwa khoma, koma iwo amati ndi fumbi chabe.

Tirigu wosaphika watsala wambiri m'thumba. Ndamubisa kuseri kwa kabati, sindikufuna kumuona, kuopa kuti ndingadzamuphikirenso maliro ena.

Ndine mlongo wanu,
Ilinca