Mwendo wa Atate

Lolemba, 7 Okutobala 2024
Pulasitala achotsa lero ku chipatala cha Mpanshya, patatha masabata asanu ndi atatu chigwere atate pa ngolo. Fupa lalumikizana. Koma mwendowo! Waonda ngati mpini wa khasu. Atate anauyang'ana n'kunena kuti, "Uyu si wanga. Wanga anadya Abel." A Abel ndi mng'ono wawo, amene anakangana nawo za malire a munda. Ndodo zoyendera akana. Akuti wodyedwa ndi mfiti sayenda.

Lachitatu, 9 Okutobala
Ba Jordan, a fiziyo ophunzitsa odwala kuyendanso, anandiitanira pambali: akapanda kuuponda mwezi uno, khasu aliiwale. Ndinafunsa kuti mnofu wapita kuti. Anandilembera papepala: MuRF1. "Ndimwe ba teacher ba Biology, kabelengeni." Manyazi. Zaka naini ndikuphunzitsa maselo, dzinali sindinalimvepo.

Loweruka, 12 Okutobala
Ndawerenga pa foni mpaka batire kutha. Mulungu wanga!
MuRF1 ndi puloteni ya mu mnofu. Ili ndi kachigawo kotchedwa chala cha RING, kolimbitsidwa ndi maatomu awiri a zinki. Awiri basi. Kachalako sikadula kanthu. Kamangogwira puloteni inzake yonyamula kachizindikiro kotchedwa ubiquitin, n'kuiyandikiza kwa puloteni yoti ichotsedwe. Chizindikiro chamatidwa, china pamwamba pake, chinanso. Yoikidwa zizindikiroyo imapita ku kachigayo ka mu selo, proteasome, n'kuphwanyidwa, zidutswa zake n'kukamangira zina.
Mwendo ukangokhala, tizala timeneti timachuluka. Masabata onsewa ntchitoyi imachitika pansi pa pulasitala, ife tikubweretsa phala. Ndipo ikuchitikanso m'dzanja ili ndikulemberali. Ndalitembenuza kangapo, kuliyang'ana ngati lachilendo.

Lamulungu, 13 Okutobala
Pa Misa sindinamve ulaliki. Ndimangoona anthu akugwada ndi kudzuka, aliyense akuphwasulidwa ndi kumangidwanso osadziwa. Misozi. Mayi wa pambali panga anayesa ndaferedwa.

Lachisanu, 18 Okutobala
Kumudzi, ku Shikabeta. Atate ali pamphasa pomwe ndinawasiya. A Abel anabweretsa nkhuku, anawabweza nayo.
Pofotokozera atate, ndinayamba ndi zinki. Kupusa kwanga! "Chizungu chako kauze ana a sukulu." Ndinapsa mtima, ndinatuluka. Panja ndinaona pomwe panali nkhokwe yakale. Ndinabwerera n'kuwafunsa kuti nkhokwe ija anaiphwasuliranji. Akuti inangokhala yopanda chimanga, mitengo anamangira khola. Ndinati thupi lanu lachitanso chimodzimodzi: laona mwendo sukugwira ntchito, likuchotsa mitengo. Palibe wadya kanthu.
Anatembenukira kukhoma.

Lamulungu, 20 Okutobala
Mitambo kum'mawa, anthu akusosa. Atate sakundiyankhula. Mwina ndalakwitsa. Mantha andigwira: atate anga pamphasa mpaka kalekale?
Madzulo, osandiyang'ana: "Agness, ndiye kuti thupi langa liyesa ndasiya kulima?" Ndinati eya. Anati, "Lamwano."

Lolemba, 21 Okutobala
Minibasi ya kusukulu yandisiya, zilibe kanthu. M'mawa anaitanitsa ndodo zija. Ndekha sindinathe kuwadzutsa, ndi olemera. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anati, "Kaitane Abel, ali na mphamvu."
Ndikulemba pakhonde. Atate afika pa mtengo wa mango, mng'ono wawo atawagwira m'khwapa, akukangana za malire omwe aja. Phazi likunjenjemera, koma laponda pansi. Akundikuwira kuti ndisiye kulemba ndibweretse khasu aliyese kulemera kwa...